Mbale ya Black Swan mwaipezayo: kampaniyi inali ya ndani, inatha bwanji, nanga mbaleyo muitani?

Funso: "Moni akulu. Ine ndimakhala ku Leicester kuno ku UK. Sabata yathayi pa msika wa zinthu zakale ndinagula katoni ya mbale za galamafoni motchipa, zinangondikumbutsa galamafoni yomwe agogo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mwa mbalezo muli imodzi yolemera, pakati pake pali chithunzi cha mbalame ya khosi lalitali ndi mawu oti Black Swan, woyimba analemba kuti Ethel Waters. Mnzanga wa ku Jamaica akuti Black Swan ndi ya nyimbo za ska za kwawo, koma pa intaneti akuti inali kampani yoyamba ya anthu akuda ku America ndipo inatha msanga. Zoona ndi ziti? Ngati inali yotchuka inatha bwanji? Komanso ndinayesa kuiika pa makina anga oyimbira mbale, ikungosokosa ngati mvula pa malata ndipo mawu akukoka, kodi ndaiwononga? Ndiipukute ndi sipiliti? Kapena ndingoigulitsa?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo kaye. Kuiyimba kamodzi kapena kawiri pa makina a masiku ano sikungaiphe mbale imeneyi, mkono wa makina amenewo ndi wopepuka zedi poyerekeza ndi magalamafoni omwe inadutsamo kale. Koma sipiliti yekhayo ayi chonde, botololo libwezeni mu kabati musanamalize n'kuwerenga komwe, chifukwa chake ndifotokoza kumunsiku. Ine ndakhala zaka zambiri ndikutolera, kutsuka ndi kukopera mu kompyuta mbale zoterezi, ndipo zambiri zomwe anthu amandibweretsera zitawonongeka si ukalamba unaziwononga ayi, ndi munthu wa mtima wabwino amene amafuna kuti ziwale.

Mnzanu uja sakunama, intanetinso sikunama, kungoti akukamba zinthu ziwiri. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya Island Records ya Chris Blackwell ku London inkatulutsadi nyimbo za ku Jamaica pa dzina loti Black Swan, koma zimenezo ndi timbale tating'ono ta mainchesi 7, topepuka, toyimba pa liwiro la 45, kutanthauza kuzungulira ka 45 pa mphindi. Yanuyo ngati ndi yaikulu mainchesi 10, yolemera, yosapindika, nyimbo imodzi mbali iliyonse ya mphindi ngati zitatu, ndipo pali dzina la Ethel Waters, ndiye kuti ndi ya Black Swan ya ku Harlem mu mzinda wa New York, yomwe inayamba 1921 n'kugwa kumapeto kwa 1923. Onetsetsani pa kapepala ka pakatipo, mwina mupeza mawu oti Pace Phonograph Corporation, kapena Black Swan Phonograph Company ngati ndi ya chakumapeto. Mbale imeneyo yadutsa zaka 100.

Kuti mumvetse chomwe inabadwira muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili ku America 1920 isanakwane. Makampani akuluakulu ojambula nyimbo monga Victor ndi Columbia anali a azungu, ndipo oyimba akuda omwe ankawalola mu situdiyo anali ochepa kwambiri, nthawi zambiri ankawafuna pa nyimbo zoseketsa zonyoza mtundu wawo womwe kapena makwaya oyimba za uzimu. Nyimbo ya blues ankatha kuigula kwa wopeka wakuda koma n'kuipereka kwa mzungu kuti ndiye ayimbe. Maganizo awo anali oti anthu akuda alibe ndalama zogulira mbale. Bodza limeneli linayaluka mu August 1920 pomwe Perry Bradford anakakamira kampani ya OKeh mpaka inajambula Mamie Smith akuyimba "Crazy Blues", mbale ija inagulidwa modabwitsa, makamaka ndi anthu akuda omwewo ankati ndi osauka aja. Harry Pace, yemwe anadzayambitsa Black Swan, anali pompo akuona zonsezi.

Pace anabadwa 1884 ku Covington m'chigawo cha Georgia, anaphunzira pa Atlanta University komwe mmodzi mwa aphunzitsi ake anali W.E.B. Du Bois, mlembi wotchuka womenyera ufulu wa anthu akuda. Sanali woyimba wa pa siteji, anali munthu wa mabuku a ndalama, anagwirapo ntchito mu banki ya anthu akuda ku Memphis komanso mu kampani ya inshuransi ku Atlanta. Ku Memphis ko ndi komwe anakumana ndi W.C. Handy, wopeka nyimbo za blues, awiriwa n'kuyambitsa kampani yosindikiza ndi kugulitsa nyimbo za pa mapepala yotchedwa Pace & Handy, yomwe inatulutsa "St. Louis Blues" mu 1914, ndipo 1918 kampaniyo inasamukira ku New York. Kumeneko Pace ankayenda m'makampani a mbale kutsatsa nyimbo zawo, ndiye ankadzionera yekha nyimbo akuzilandira koma oyimba akuda akuwabweza pakhomo. Atatopa nazo anasiyana ndi Handy, ndipo pochoka anatenga anyamata ena aluso omwe ankagwira ntchito pa kampani ija, kuphatikizapo Fletcher Henderson ndi William Grant Still, zomwe zinamupweteka Handy ndithu pa bizinesi yake.

Kumayambiriro kwa 1921 kampani inayamba ndi mpamba wa $30,000, ofesi yake inali m'nyumba mwa Pace mwenimwenimo pa West 138th Street ku Harlem, pambuyo pake ndi pomwe anasamukira pa Seventh Avenue. Dzina la Black Swan analitenga kwa Elizabeth Taylor Greenfield, mayi yemwe anabadwira mu ukapolo ku Mississippi koma anadzakhala woyimba wamkulu mpaka kukayimbira Mfumukazi Victoria ku London mu 1854. Kusankha dzina limeneli kukukuuzani kale zomwe zinali mu mtima mwa Pace. Iye sankangofuna kugulitsa nyimbo zovinira, ankafuna dziko limve kuti munthu wakuda amayimba chilichonse, opera, nyimbo za mu tchalitchi, za pa konsati, blues, jazz, komanso kuti ndalama za anthu akuda zizizungulira mwa anthu akuda. Du Bois anali mu bodi ya kampaniyi, ndipo ankaitsatsa mu The Crisis, magazini ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda. Henderson, yemwe anaphunzira za chemistry ndipo anabwera ku New York ndi maganizo opitiriza sukulu, ndi amene ankayang'anira zojambula n'kumayimba piyano pa mbale zambiri, Still ankakonza manotsi a bandi. Pa zotsatsa zawo ankanenetsa kuti iyi yokha ndiye mbale yeniyeni ya anthu akuda, ena onsewo akungonamizira.

Zoti inali yoyamba, tiwongole pang'ono. George W. Broome wa ku Medford m'chigawo cha Massachusetts anali atatulutsa kale mbale zochepa pa dzina lake cha m'ma 1919, ankagulitsa potumiza pa positi. Black Swan inali yoyamba yaikulu, yofika m'masitolo ndi kwa ma ejenti m'dziko lonse, yokhala ndi oyimba ake ndi antchito ake.

Vuto lomwe linadzaipha linaonekera tsiku loyamba lomwe. Kujambula mawu ndi chinthu china, kudinda mbale masauzande ndi chinanso, pamafunika fakitale, ndipo mafakitale onse anali a azungu omwe ambiri anali opikisana naye. Ku New York anamukana. Amene anavomera ndi New York Recording Laboratories, yomwe ngakhale dzina likutero inali ku Wisconsin, mwini wake inali kampani yopanga mipando ya Wisconsin Chair Company. Ndiye taganizani, kujambula ku New York, kutumiza masita, mbale yoyamba yomwe amadindira zinzake, mtunda wautali pa sitima, kudikira, mbale zibwerenso, nyimbo ikagunda anthu akuifuna lero inu katundu ali m'njira. Ndipo kampani ya ku Wisconsin yomweyi ndi yomwe inali ndi Paramount Records. Dzina limeneli muligwire, libweranso.

Mbale zoyamba zinatuluka cha mu May 1921, za Revella Hughes ndi C. Carroll Clark zomwe zinali nyimbo zofatsa zaulemu, ndi blues ya Katie Crippen. Sizinayende kwenikweni. Amene anaipulumutsa kampani ndi mayi ali pa mbale yanuyo. Ethel Waters anabadwa 1896 ku Chester m'chigawo cha Pennsylvania, anakula movutika kwambiri, ndipo nthawi imeneyi ankayimba mu kalabu ya pansi pa nyumba ku Harlem yotchedwa Edmond's Cellar. Iye mwini anadzafotokoza kuti atafika kwa Pace ndi Henderson panali kukambirana kaye ngati ayimbe nyimbo za anthu wamba kapena zija za ophunzira, mapeto ake anajambula "Down Home Blues" ndi "Oh Daddy" pa mbale nambala 2010, anamulipira $100 ya nyimbo ziwirizo. Mbale imeneyi ndi yomwe inatulutsa kampani mu ngongole. Mukaimvera bwino muona chomwe Pace anamukondera, Waters sakuwa, mawu aliwonse amawatchula momveka, blues yake ndi yopepuka, ya nthabwala pang'ono, yoti ikhoza kuyimbidwa pabalaza pa nyumba ya dokotala wa ku Harlem popanda wochita manyazi. Manambala a malonda omwe mungawaone pa intaneti, ena ofika theka la miliyoni, muziwatenga mosamala chifukwa nthawi imeneyo makampani ankakuza manambala potsatsa. Chomwe chikudziwika ndi choti m'chaka choyamba kampani inalowetsa ndalama zoposa $100,000.

Pace sanagone, anapanga gulu lotchedwa Black Swan Troubadours, Waters kutsogolo Henderson pa piyano, n'kulitumiza pa ulendo woyimba kuyambira chakumapeto kwa 1921 mpaka pakati pa 1922, mtolankhani Lester Walton akutsogola kukakonza maholo ndi kulemba m'manyuzipepala. Anafika polengeza kuti Waters wasaina kuti sakwatiwa kwa chaka chathunthu, zonsezi n'cholinga choti anthu azikamba za iye. Nkhani itamveka yoti ulendo ukulowera ku zigawo za kumwera, komwe tsankho linali la lamulo ndipo munthu wakuda ankatha kuphedwa ndi gulu la anthu popanda womangidwa, oyimba ena a mu bandi anakana n'kubwerera. Waters anapita. Ku New Orleans mu 1922 anayimba pa wailesi, chinthu chomwe chinali chosowa kwambiri kwa mayi wakuda nthawi imeneyo, ndipo kumeneko Henderson anamva mnyamata wina woliza lipenga dzina lake Louis Armstrong n'kumupempha kuti alowe gulu, Armstrong sanalole kusiya mnzake wa ng'oma Zutty Singleton, koma 1924 anadzalowa bandi ya Henderson ku New York. Ulendo umenewu unafikitsa dzina la Black Swan m'matauni omwe ogulitsa mbale anali ometa tsitsi, masitolo a mankhwala ndi anthu oyenda khomo ndi khomo.

M'zaka zosakwana zitatu anatulutsa mbale pafupifupi 180. Munali Alberta Hunter, munali Trixie Smith yemwe anapambana mpikisano wa blues ku New York mu 1922, munali James P. Johnson ndi "Harlem Strut" yake yomwe ndi imodzi mwa mbale zoyambirira za piyano ya jazz, munalinso Antoinette Garnes ndi Florence Cole-Talbert akuyimba opera. Anafika mpaka pogulitsa galamafoni yawo yotchedwa Swanola.

Nde inatha bwanji? Anthu ambiri amangoti tsankho basi, ndipo tsankho linalipodi, koma ine ndikaona nkhani yonse ndimati inafa chifukwa inaonetsa anthu a ndalama zambiri kuposa iyo pomwe pali msika, pomwe fakitale, njira zogawira katundu ndi thumba lolipira oyimba zinali m'manja mwa anthu omwewo. OKeh inali itayamba kale mndandanda wa mbale za anthu akuda mu 1921. Paramount, yomwe eni ake ndi omwe ankadinda mbale za Pace ndipo ankadziwa bwino kuchuluka kwa maoda ake, inayamba wake mu 1922, kenako inalemba ntchito J. Mayo Williams, munthu wakuda wodziwa bwino makalabu a ku Chicago, kuti azisaka oyimba. Columbia nayo inalowa 1923. Makampani amenewa ankalipira bwino komanso ankafika m'sitolo iliyonse, ndiye oyimba anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Alberta Hunter anaona kuti chidwi chonse cha kampani chili pa Waters, anapita ku Paramount mu 1922 n'kukajambula "Downhearted Blues" yomwe anapeka ndi Lovie Austin. Sindimawaimba mlandu oyimbawa, anali ndi lendi yoti alipire.

Chachiwiri ndi khutu la Pace mwiniwake, ndipo apa ndi pomwe pamandiwawa ine. Bessie Smith anabwera kudzayesedwa ku Black Swan, anamubweza. Pali nkhani yomwe imakambidwa yoti anaimitsa nyimbo pakati kuti alavule ndipo zinawanyansa akuluakulu a kampani, kaya zinachitikadi choncho, koma mfundo ndi yoti kayimbidwe kake anakaona kuti ndi ka kumudzi kwambiri, kosayenera chithunzi cha munthu wakuda wotsogola chomwe ankafuna kuonetsa. Mu February 1923 Bessie anajambula "Downhearted Blues" yomwe ija ku Columbia, mbale inagulidwa masauzande mazanamazana, iye n'kukhala woyimba blues wamkulu wa zaka zonsezo. Anthu omwe ankagula mbale kwambiri anali ogwira ntchito m'mafakitale, ochapa zovala, osamuka kuchokera ku minda ya thonje kupita ku Chicago ndi Detroit, ndipo ankafuna kumva mawu a kwawo. Pace ankawafunira zabwino koma ankafuna kuwasankhira choti amve. Opera ija ine ndimailemekeza, popanda Pace mawu a amayi ngati Cole-Talbert sitikanawamva bwino lero, koma siinkabweretsa ndalama zolipirira fakitale.

Chachitatu ndi fakitale yomweyo. Pofuna kumasuka kwa a ku Wisconsin, mu 1922 Pace anagwirizana ndi mzungu wina John Fletcher n'kutenga situdiyo ndi fakitale ya kampani ya Olympic yomwe inali itagwa, ku Long Island City, pansi pa dzina la Fletcher Record Company. Maganizo anali abwino ndithu, azidinda okha, koma zinabwera ndi ngongole komanso fakitale imafuna izigwira ntchito tsiku lililonse kuti ibweze ndalama. Zinabweranso ndi mulu wa mamasita a Olympic omwe oyimba ake anali azungu, ndipo Black Swan inayamba kuzitulutsa nyimbo zimenezo pa mayina opeka. Chitsanzo chodziwika ndi Aileen Stanley, mzungu, yemwe pa Black Swan analembedwa kuti Mamie Jones, ndipo mbale zina zovinira zolembedwa mayina a mabandi a kampaniyi zinali za mabandi a azungu. Zonsezi zikuchitika zotsatsa zikunenabe kuti oyimba onse ndi akuda. Ndimamvetsa kuti munthu anali atapanikizika ndipo kugwiritsa ntchito mayina opeka chinali chizolowezi cha makampani onse nthawi imeneyo, koma makampani enawo sanalonjeze zomwe Pace analonjeza kwa amayi omwe ankadzimana kuti agule mbale ya mtundu wawo. Kwa inu wotolera, izi zikutanthauza kuti dzina la pa kapepala ka Black Swan ya 1922 kapena 1923 si nthawi zonse lili la amene akuyimba. Ethel Waters yekha musakayike, mawu ake sasokonekera.

Pamwamba pa zonsezi panabwera wailesi. Mu 1920 masiteshoni anali owerengeka, pofika kumapeto kwa 1922 anali atadutsa 500, anthu n'kuyamba kumva nyimbo ulere, malonda a mbale ndi magalamafoni anatsika dziko lonse moti Columbia yomwe, chimphona chija, inalowa m'manja mwa oyang'anira makampani ogwa mu 1923. Ngati Columbia inagwedezeka, kampani ya mpamba wa $30,000 ikanalimba bwanji. Black Swan inasiya kujambula pakati pa 1923, mu December chaka chomwecho inalengeza kuti yagwa, ndipo 1924 Pace anabwereketsa nyimbo zake zonse kwa Paramount, yomwe inazitulutsanso pa manambala ake oyambira 12100. Mayo Williams uja anayesa nayenso mu 1927 ndi kampani yake ya Black Patti, inatulutsa mbale 55 zokha n'kutha chaka chomwecho.

Pace anabwerera ku inshuransi ndipo kumeneko zinamuyendera. Pofika 1929 anali mkulu wa Supreme Liberty Life ku Chicago, imodzi mwa makampani aakulu a anthu akuda, anaphunziranso za malamulo, ndipo mnyamata wina yemwe anamulemba ntchito mu ofesi, John H. Johnson, ndi amene anadzayambitsa magazini ya Ebony mu 1945. Pace anamwalira 1943. Anali woyera khungu, ndipo banja lake linadzalowa m'moyo wa azungu moti adzukulu ake anakula osadziwa kuti agogo awo anali munthu wakuda yemwe anayambitsa Black Swan, anadzazindikira patadutsa zaka zambiri. Nkhani imeneyo ndi yolemera, imaonetsa mmene tsankho linkakakamizira anthu kusankha pakati pa mtendere wa ana awo ndi dzina la makolo awo. Waters anapita patali, ku Columbia, m'zisudzo za ku Broadway, m'mafilimu, Henderson anakhala mmodzi mwa omwe anaumba kayimbidwe ka mabandi akuluakulu a jazz, Still anakhala wopeka nyimbo za okestra wolemekezeka.

Tsopano mbale yanuyo. Mawu akukoka chifukwa mwaiyimba pa 33 kapena 45 pomwe iyo imafuna liwiro la 78 kapena kuyandikira pamenepo. Phokoso lija mbali yaikulu ndi singano. Timizere ta mbale za 78 ndi totakasuka kuposa ta mbale za masiku ano, singano ya makina anu ndi yowonda, cha m'ma 0.7 mil (mil ndi inchi imodzi yogawa ka 1,000), nde imamira mpaka pansi pa mzere pomwe pali fumbi ndi zokanda zokhazokha, pomwe nyimbo ili m'mbali mwa mzere. Mukufunika singano ya 78 ya pafupifupi 3 mil, zimapezeka pa intaneti ndipo si zodula kwambiri, bola muone kuti ikugwirizana ndi katiriji ya makina anu, kamutu kaja komwe mumalowa singano. Ngati makina alibe 78 mukhoza kujambula mu kompyuta pa 45 kenako pulogalamu yaulere ya Audacity imakonza liwiro, koma singano yoyenera ikufunikabe. Musayembekezere kuti phokoso lithereratu. Nyimbo zonse za Black Swan zinajambulidwa maikolofoni asanalowe mu situdiyo, zomwe zinayamba 1925, woyimba ankayima kutsogolo kwa chilipenga chachikulu mawu ake n'kumagwedeza singano yolemba pa phula, ndiye mawu a pansi ndi a pamwamba kwambiri sankagwidwa, komanso zopangira mbale za kampaniyi sizinali zapamwamba ngati za Victor. Khutu limazolowera pakangopita masekondi ochepa.

Mwina mukulakalaka kuimva pa galamafoni yopukusa ngati ya agogo ija. Mbale zina za mu katonimo chitani nazo, koma iyi ayi. Mutu wa galamafoni ndi wolemera, singano yake ndi ya chitsulo yomwe imayenera kutayidwa ikangoyimba mbali imodzi, ndipo kwathu kuja ambiri ankaibwereza kapena kuinola pa mwala, n'chifukwa chake mbale zambiri zomwe zinabwera ndi anthu a ku migodi timazipeza zitachita mbuu m'mizere.

Za sipiliti. Mbale imeneyi si ya pulasitiki, ndi ya shellac, utomoni wochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi maiko oyandikana nawo, wosakaniza ndi fumbi la miyala. Shellac amasungunuka ndi mowa wa mtundu uliwonse, sipiliti, sanitaiza, perefyumu, ngakhale mankhwala ambiri otsukira mbale za pulasitiki za masiku ano (vinyl), ndipo zikatero palibe kubweza. Yambani ndi burashi yofewa youma, kutsatira mizere mozungulira. Ngati litsiro lakakamira, tengani madzi oyera a distilled aja amagulitsidwa m'botolo othira mu ayironi, osatentha, ndi kadontho kamodzi ka sopo wotsukira ziwiya, burashi yofewa, kapepala ka pakati kasanyowe, tsukuluzani ndi madzi omwewo, pukutani msanga ndi nsalu yosasiya ulusi, n'kuisiya iume tsiku lathunthu musanaiyimbe. Osainyika mu beseni. Poisunga iimikeni chilili mu kathumba ka pepala katsopano, kutali ndi hita, zenera la dzuwa, galaja kapena kudenga, ndipo osasanjikiza zinthu pamwamba pake. Imasweka ikangogwa kapena kupindidwa pang'ono, nde ngati mukuganiza zopita nayo kumudzi musaiponye mu sutikesi, iyikeni pakati pa makatoni olimba mbali zonse ndipo muinyamule m'manja.

Zogulitsa ndi chisankho chanu, koma ndikuuzeni zoona kuti musadzakhumudwe. Mtengo umadalira nambala ndi mmene mbale ilili. Za Ethel Waters, makamaka 2010 ija, ndi zomwe zinagulidwa kwambiri choncho ndi zomwenso zimapezeka kwambiri, otolera amazifuna koma si chuma chogulira poloti. Zosowa ndi za oyimba omwe sanagulitse, zina za m'manambala a 14100 ndi za opera za m'ma 7100. Iyang'aneni pa kuwala, ngati mizere ikunyezimira mwakuda ili bwino, ngati yatuwa inadyeka, muonenso ming'alu yowonda ngati tsitsi kuchokera m'mphepete. Ogulitsa amalemba E pa mbale yabwino kwambiri ndi V pa yomwe yayimbidwa kwambiri, ndipo kusiyana kwa mtengo pakati pa ziwirizi ndi kwakukulu. Pa eBay muziona mitengo yomwe mbale zinagulidwadi, osati yomwe anthu akutchula. Chenjerani ndi munthu wofuna kugula katoni yonse mwachangu musanadziwe zomwe zilimo, komanso dziwani kuti mbale zambiri zimaswekera pa positi wogula n'kufuna ndalama zake. Kaya mugulitsa kaya ayi, yambani mwaikopera mu kompyuta ndi kujambula kapepala ka pakati mbali zonse. Ine ndikanakhala inu ndikanaisunga, mbale za kampaniyi sizinafike zambiri ku Ulaya nthawi imeneyo, nthawi zambiri zinabwera ndi otolera pambuyo pake, ndiye mwina mu katoni yomweyo muli zinanso zofunika.

Pali nthawi yoti musaikhudze n'komwe koma mupite kwa odziwa. Ngati ili ndi mng'alu, ngati pamwamba pakusupuka, ngati yamera nkhungu, ngati yapindika moti singano ikudumpha, kapena ngati mu katonimo mwapeza mbale yopanda kapepala kosindikiza koma kolemba pamanja, kapena yooneka chitsulo mkati mwake, imeneyo madzi okha akhoza kuiwononga ndipo mwina ndi yokhayo padziko. Ku UK komwe muliko kuli City of London Phonograph and Gramophone Society, gulu lakale la anthu okonda zinthu zimenezi lomwe lili ndi mamembala m'madera ambiri, komanso British Library ku London ili ndi gawo losunga mawu ojambulidwa komwe angakulozereni koyenera. Munditumizire nambala ya mbaleyo, mitu ya nyimbo ziwirizo ndi timanambala tomwe tinadindidwa pa shellac pafupi ndi kapepala, ndikuthandizani kuona chaka chomwe inajambulidwa ndi bandi yomwe inamuperekeza.